Nambala Yokana Kugawika

Atatisamutsira m'kalasi pa Bangula,
Ruo ndi Shire atakumana pamwamba pa minda yathu,
tinapeza choko chosafufutidwa pabolodi:
524,287
ndi liwu limodzi pansi pake: Gawani.

Ine Zuze Fombe ndinakhala pasikelo ya thonje ku Ngabu
zaka makumi awiri ndi zitatu,
palibe belo lomwe linandizunguza mutu.
Ndinaseka. Ndinakapempha khala kwa ophika panja.

Masana pano chilichonse chimagawika.
Thumba la ufa, mabanja anayi.
Sopo amadulidwa ndi ulusi.
Neti imodzi ana asanu,
wachisanu ndi chimodzi mwendo uli kunja, ukudyetsa udzudzu.
Ngakhale mthunzi wa nimu uli ndi komiti yake.

Koma usiku, pasimenti yotentha ngati chiwaya,
ndinaipatsa anthu awiri, inasiya mmodzi pakhomo.
Atatu, mmodzi yemweyo.
Asanu, otsala awiri akundiyang'ana.
Asanu ndi awiri, mmodzi uja wabweranso.
Pa 11 inanditayira asanu,
pa 13 khumi athunthu, ngati ikundinena.
Khala linatha, ndinayamba kulemba ndi msomali.

Usiku wachitatu Dorika, mwana wa a Semba,
wa Fomu 3, yemwe mabuku ake anapita ndi madzi,
anagwada pambali panga nati: Malume,
musavutike ndi nambala zonse,
yesani zokhazo zomwe nazonso sizigawika.
Mukafika pa 724 muime.
Wogawa wamkulu aliyense ali ndi mnzake wamng'ono kutsidya,
ngati madoko awiri a bwato limodzi pa Mtayamoyo.
Doko la kuno likasowa, lakonso kulibe.

Tinaziwerenga, zinakwana 128.
Iye amatchula, ine ndimagawa,
tochi ya foni ikufa pang'onopang'ono,
wina pakona akutsokomola,
wina akulota mbuzi zake mokweza.
Pa 317 ndinaganiza kuti yagonja,
koma ndinali nditaiwala kunyamula.
Pa 719, tambala wa eni dera atalira kawiri,
inasiyabe otsala pakhomo.

Ndinati, nambala yamakani ngati ng'ona yapadzuwa,
inachokera kuti?

Dorika anatola njere ya chitowe m'mphako ya desiki.
Iyi ikhale ziwiri, anatero, ziwirizo zinayi,
zinayi zisanu ndi zitatu,
muwirikize choncho kakhumi kasanu ndi kanayi.
Mulu umenewo ndi wofatsa:
umang'ambika pakati, pakatinso, pakatinso,
mpaka kubwerera ku njere imodzi, wopanda wodandaula.
Tsono chotsanipo imodzi yokha.
Chotsalacho ndi chimene chili pabolodipo.
Chimalola mmodzi kuchisenza chonse,
kapena aliyense njere yakeyake.
Pakati apo palibe.

Imodzi yokha.

Sindinamuyankhe mwanayo.
Ndinatuluka kukaima pomwe njanji imathera m'madzi.
Kwathu ku Makhanga tinali awiri,
Nyathole ndi ine, mphasa imodzi, mbale imodzi ya mlamba wowamba,
chilichonse chimang'ambika pakati bwinobwino.
Usiku uja anabwerera kukatenga chitupa cha kuchipatala.

Abusa ayesa kundisenzako, achibale ayesa,
mayi wa bungwe anabwera ndi kope, natikhazika bwalo
kuti tigawane zakukhosi.
Ndimayesa ndithu. Ndimapatsa awiri, atatu, asanu.
Onse akapita kokagona
pamatsala kanthu pakhomo, kondidikira.

M'mawa wolemba mayina anafunsa: Pabanja muli angati?
Ndinatchula nambala yomwe siivuta kugawira ufa.

Madzi ataphwa anatiuza tisese kalasi,
ana abwerere m'madesiki awo.
Ndinakolopa masamu anga onse pasimenti,
koma bolodi ndinaletsa anyamata kuligwira.
Pansi pa liwu la mphunzitsi yemwe sindinamuonepo
ndinalemba ndi kachidutswa ka choko:
Yakana. Tayesa tonse awiri.
Dorika anawonjezera dzina lake,
ine ndinasaina monga ndinkasainira malisiti a thonje.